Kodi Liwiro la Dzanja Ndilo Muyeso wa Nzeru?

Chaka ndi chaka, nyengo ya mayeso ikakwana, ana zikwizikwi m'dziko muno amakhala pamadesiki otalikirana, aliyense ndi cholembera chake, kutsogolo kuli wotchi ndi woyang'anira mayeso wa nkhope yosaseka. Amapatsidwa mutu woti alembepo chimangirizo, kapena funso la mbiri yakale lofuna yankho la ndime zingapo, nauzidwa nthawi yoti akhale atamaliza. Nthawiyo ikatha lamulo limakhala limodzi: lekani kulemba. Amene anali pakati pa chiganizo amasiyira pomwepo. Amene mfundo yake yabwino imabwera kumene m'mutu amatuluka nayo panja, n'kukaifotokozera anzake pansi pa mtengo, komwe kulibe wopereka malikisi.

Takhala tikuchita zimenezi kwa nthawi yaitali moti tidaleka kudabwa nazo. Bungwe la MANEB ku Zomba, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987, limayesa ana athu pa Sitandade 8, pa Folomu 2 ndi pa Folomu 4, ndipo ilo lisanabadwe mwambowu udalipo kale, kuyambira nthawi ya atsamunda pamene ophunzira a ku Nyasaland ankalemba mayeso a Cambridge. Funso lomwe ndikufuna tisinkhesinkhe, abale anzanga, ndi ili: pamene tiweruza mwana potengera zomwe dzanja lake lakwanitsa kuika papepala m'mphindi zowerengeka, kodi tikuyesa chiyani kwenikweni? Ndipo kodi chiweruzo chotere n'cholungama?

Tiyambe ndi masamu apafupi. Munthu polankhula amatha kutulutsa mawu oposa 100 pa mphindi imodzi osatuluka thukuta. Polemba pamanja zoti wina awerenge, ambiri a ife sitifika ngakhale mawu 30. Tsono tiyerekeze kuti mwana wauzidwa kulemba chimangirizo cha mawu 400 m'mphindi 40. Ngati dzanja lake limalemba mawu 20 pa mphindi, kulembako kumudyera mphindi 20, ndipo zina 20 zimutsalira zoganiza, kusanja mfundo ndi kuwerenganso zomwe walemba. Mnzake amene dzanja lake limalemba mawu 12 pa mphindi afunika mphindi zoposa 33 kuti angodzaza pepalalo, ndipo zoganizira sizimukwanira 7. Pawotchi ana awiriwa apatsidwa nthawi yofanana, koma wina waganiza nthawi yochuluka katatu kuposa mnzake. Wochonga mayeso sadzaziona zimenezi. Iye adzangoona kuti uyu mfundo zake n'zakupsa, uyo zake n'zaziwisi, basi n'kulemba malikisi.

Nanga chimachedwetsa dzanja la mwana n'chiyani? Nthawi zambiri ndi zinthu zomwe sizikhudzana ndi ubongo wake. Kuchokera mu 1994, pamene boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale ndipo ana oposa miliyoni imodzi adawonjezeka m'makalasi, mibadwo yathunthu yaphunzira kulemba itakhala pansi, kope lili pabondo, m'kalasi momwe mphunzitsi mmodzi sangathe kuyendera mwana aliyense kuti aone m'mene wagwirira pensulo. Alipo amanzere omwe adakakamizidwa kulembera kumanja. Alipo omwe amafika m'chipinda cha mayeso atayenda mtunda wautali m'mawa wozizira, m'mimba mulibe kanthu, zala zitauma gwa. Ndiye pali nkhani ya chiyankhulo. Mwana amene amaganiza m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena, m'Chitonga kapena m'Chichewa ayenera kuyamba wamasulira ganizo lake m'Chingerezi asanalilembe, pamene mnzake amene kwawo amalankhula Chingerezi podya nsima amangotsetsereka. Musaiwale kuti satifiketi ya MSCE sapatsa munthu amene walakwa Chingerezi, ngakhale masamu ndi sayansi akhoze chotani.

Komabe tisafulumire kuponya miyala, chifukwa mayeso olembedwa ali ndi mlandu wawo wabwino, ndipo ndi wamphamvu. Wotchi sidziwa mwana wa nduna. Siyang'ana chigawo chomwe munthu akuchokera, siyang'ana mpingo, silandira kangachepe. M'dziko ngati lathu, momwe ntchito zambiri zimayenda ndi funso lakuti kodi ndiwe mwana wa yani, chipinda cha mayeso ndi amodzi mwa malo ochepa pomwe mwana wa mlimi wa ku Nthalire ndi mwana wa bwana wa ku Nyambadwe amafunsidwa funso limodzi pa ola limodzi. Ndi chifukwa chomwechi mayeso otere adabadwira. Ku China adayamba kusankha akuluakulu a boma mwa mayeso olemba cha m'ma 600, ndipo mwambowo udakhala zaka pafupifupi 1,300 mpaka pamene udathetsedwa mu 1905. Ku Britain, lipoti la Northcote ndi Trevelyan la mu 1854 lidalimbikitsa kuti ntchito za boma zizipezedwa mwa mpikisano wa mayeso, pofuna kuthetsa chizolowezi chopatsana maudindo pachibale ndi pachinzake. Amene akufuna kuthetsa mayeso ayambe watiuza chomwe aikepo m'malo mwake, chifukwa mayeso akachoka, amene amalowa pakhomo ndi malume ake a munthu.

Koma taonani zomwe Atchaina adazindikira kalekale, zomwe ife sitizilabadira. Iwo ankaopa kuti wochonga angakopeke ndi kalembedwe ka munthu, kapena kuzindikira dzanja la mwana wa mnzake. Choncho dzina la wolemba ankalimata, ndipo pamayeso akuluakulu alembi apadera ankakoperanso yankho lililonse ndi inki yofiira, kuti wochonga aone mfundo zokha osaona dzanja la mwini wake. Olemba mayeso ankatsekeredwa m'tizipinda ting'onoting'ono, aliyense kake, kwa masiku angapo usana ndi usiku, moti malo a mayeso a mumzinda wa Nanjing adafika pokhala ndi tizipinda toposa 20,000. Zidali zowawa ndithu, ena ankadwaliramo, koma munthu ankakhala ndi nthawi yolemba poyamba, kufufuta, kenako n'kulemba bwino.

Ngakhale zidali choncho, ukondewo unkataya nsomba zazikulu. Pu Songling, amene adabadwa mu 1640 namwalira mu 1715, lero amawerengedwa m'gulu la alembi a nthano otchuka kwambiri a dzikolo, koma mayeso a m'chigawo chake adawalakwa kambirimbiri. Mu 1687 adachotsedwa pampikisano chifukwa polemba mothamanga adadumpha tsamba la m'kabuku koyankhiramo, zomwe malamulo sankalola. Tsamba limodzi lopanda kanthu lidalemera kuposa zonse zomwe zidali m'mutu mwake. Kuwonjezera apo, m'nthawi ya mafumu a Ming ndi Qing chimangirizo chidaikidwa m'chikombole cha zigawo zisanu ndi zitatu, chomwe aliyense ankayenera kuchitsata, moti achinyamata ambiri adasiya kuwerenga mabuku enieni n'kumangoloweza zimangirizo za omwe adakhoza kale. Kodi zimenezi sitikuzidziwa kuno? Ndani sadamuonepo mwana wa Folomu 4 akuloweza chimangirizo cha tsiku lomwe sadzaliiwala, kapena cha ngozi yomwe sadaionepo, kuti mutu uliwonse womwe ubwere akangochipinda pang'ono n'kuchilowetsamo?

Apa mpamene pali nkhawa yanga yaikulu, yoposa ya kusiyana kwa manja. Mayeso amaphunzitsa. Chilichonse chomwe timapereka nacho mphotho, ana amachitenga ngati ndicho chabwino. Tsono mwana amene kwa zaka 12 wakhala akukonzekera chipinda chija amatolamo phunziro lotani? Amaphunzira kuti kukayika ndi kutaya nthawi. Amaphunzira kuti ukayamba ndime ndi ganizo lakuti, uyenera kulimbikira lomwelo mpaka kumapeto, ngakhale pakati pa tsamba waona kuti walakwa, chifukwa kufufuta kudya mphindi ndipo kudetsa pepala. Amaphunzira kulemba zomwe wochonga akufuna kumva, kaya iye akuzikhulupirira kaya ayi. Amaphunzira kuti pomwe sukudziwa, dzazapo mawu ambiri, mwina mwa mwayi limodzi ligunda.

Koma kuganiza koona kumayenda mwa mtundu wina. Munthu woona mtima akamalemba amapeza zomwe akuganiza m'kati mwa kulembako. Amayamba akukhulupirira kuti John Chilembwe adalakwitsa kutenga zida mu 1915, koma pofika pa nkhani ya thangata ndi ya anthu akuda omwe ankafera m'nkhondo ya azungu, amaima kaye, nabwerera, nayambanso. Kubwerera kumeneko ndiye umboni wakuti mutu ukugwira ntchito. M'chipinda cha mayeso, mwana wotereyu ndi amene belu limamupeza ali pa ndime yachiwiri. Mnzake amene sadadzifunse kanthu, amene adangokhuthula mfundo zisanu zomwe adaloweza dzulo, watseka kale cholembera, akuyang'ana kudenga. Tikamupatsa wachiwiriyu malikisi ambiri, tadziwa kuti tikuuza ana athu chiyani za chilungamo cha m'maganizo?

Zipatso zake timaziona poyera. Tili ndi anthu ambiri ophunzira omwe sangathe kunena kuti sindikudziwa, ndipatseni nthawi ndikaganize. Afunseni za chuma, za malamulo, za ulimi, za matenda, yankho lili pamlomo nthawi yomweyo, losanjidwa bwino, poyamba, kachiwiri, pomaliza, koma mukalifinya simutuluka madzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pabwalo la milandu kumudzi, munthu amene amalumphira kuyankha mnzake asanamalize amaonedwa ngati mwana. Nkhoswe yanzeru imamvetsera mbali zonse, imatha kupempha kuti nkhani igone, anthu akumanenso mawa. Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sukulu yathu imati ukadekha walakwa.

Wina anganene kuti aaa, inu alakatuli mumakonda kulota, moyo weniweni sudikira munthu. Namwino m'chipinda cha amayi oyembekezera alibe sabata yoganizira. Majisitireti m'makhothi athu ambiri amalemba pamanja zomwe mboni ikunena, ndipo mboniyo siyima kudikira dzanja lake. Mtolankhani amapikisana ndi makina osindikizira. Ngakhale pamwambo wathu, woponya ndagi akati ndagi, inu n'kuti gize, safuna kuti mukayankhe chaka chamawa. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikutsutsa kuti kuchita zinthu m'nthawi yake ndi luso lofunika kuliphunzira. Munthu amene phunziro walidziwa bwino amaliyankha msanga kuposa wongoyerekeza, ndiye kuti liwiro lili ndi kena kake komwe limaulula.

Koma tisiyanitse. Namwino amafulumira pa ntchito yomwe waichita kambirimbiri, yomwe manja ake adaizolowera. Majisitireti amalemba msanga mawu a mboni, koma chigamulo cha mlandu wovuta amakachilemba payekha, atawerenganso zonse, ndipo tingamudandaule atagamula m'mphindi 40. Mtolankhani ali ndi mkonzi womubwezera nkhani kuti akonze. Palibe ntchito yomwe ndikuidziwa imene munthu amapatsidwa mutu womwe sadauyembekezere, n'kuletsedwa kufunsa mnzake kapena kutsegula buku, n'kuuzidwa kuti zomwe alembe koyambako ndizo zomaliza, ndipo tsogolo lake lonse lidalira pomwepo. Zimenezi zimachitika m'chipinda cha mayeso mokha. Tikuyesa ana pa masewero omwe sadzawaseweranso moyo wawo wonse.

Owerenga tsamba lino akudziwa bwino kuti zolembedwa zomwe timazinyadira sizidabadwe motero. Jack Mapanje adamangidwa mu 1987 nasungidwa ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991. Kumeneko akaidi sankaloledwa kukhala ndi cholembera ndi pepala mwaufulu, choncho ndakatulo zambiri ankazipeka m'mutu, kuzibwereza ndi kuzisula mwakachetechete kwa miyezi, ndipo zina mwa izo zidatuluka m'buku mu 1993. Anthu omwe adamutsekera adamulanda pafupifupi chilichonse, koma nthawi yoganiza adalephera kumulanda. Ife m'chipinda cha mayeso timachita zosiyana: cholembera ndi pepala timapereka, nthawi n'kulanda. Sindikufanizira mayeso ndi ndende, ayi. Ndikungoti pa zinthu ziwirizi, dzanja ndi nthawi, chomwe ganizo silingakhale popanda icho ndi nthawi.

Palinso mtengo wina womwe timalipira. Pamene zaka zinayi za sekondale zipanikizidwa m'maola ochepa, maola amenewo amasanduka katundu wa malonda. Mu Novembala 2020 boma lidaimitsa mayeso a MSCE ali m'kati chifukwa mapepala adabedwa n'kufalikira, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, adalembanso mu Januwale 2021. Kuba mayeso ndi kuba basi, palibe chokometsera. Koma tidzifunse chifukwa chake likasa lili ndi msika. Amene wagula likasa wagula chiyani? Wagula nthawi. Waona funso usiku, waliganizira ali phee, mwina wafunsa mkulu wake, ndipo m'mawa akungokopera. Wagula chinthu chomwe mwana woona mtima tamumana. Pamenepa pakuoneka poyera kuti ngakhale akuba akudziwa chomwe chili chosowa m'chipinda chija.

Tsono titani, tingowataya mayeso olemba pamanja? Masiku ano yankho lavuta kuposa kale. Kuchokera kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT idatulutsidwa, aliyense wokhala ndi foni ndi intaneti angathe kupeza chimangirizo chosalala m'kamphindi, osaganiza n'komwe. Chifukwa cha ichi aphunzitsi ambiri m'mayunivesite a kunja, omwe adayamba kudalira ntchito yokalembera kunyumba, abwereranso ku cholembera, pepala ndi woyang'anira, poti ndi njira yomwe yatsala yotsimikizira kuti mawuwo achokeradi m'mutu mwa wophunzira. Kuno kwathu, komwe sukulu zambiri zilibe magetsi, kulemba mayeso pakompyuta kungangokulitsa mpata pakati pa a m'tauni ndi a kumudzi. Ndiye dzanja tikhala nalobe, ndipo mwina n'zabwino kutero. Chomwe ndikukana ndi kumangirira dzanjalo ku wotchi yothina, ngati kuti ziwirizi zidabadwa tsiku limodzi.

Kuteteza mayeso ku chinyengo kumafuna chipinda, woyang'anira ndi funso losadziwika. Sikufuna kuti mwana athamange. Tingathe kufunsa mafunso ochepa m'nthawi yomweyo, kuti ngakhale wa dzanja lolemera amalize ndi kuwerenganso. Tingathe kupereka nthawi yoyamba yowerenga ndi kusanja mfundo papepala lapadera, wina asanayambe kulemba yankho lenileni. Ku Britain, ophunzira omwe zatsimikizika kuti ali ndi vuto lowerenga kapena kulemba amawonjezeredwa nthawi, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ena amaloledwa kukhala ndi wowalembera. Kumeneko ndi kuvomereza kuti mphindi zofanana sizitanthauza mwayi wofanana. Ochonga nawonso, omwe amakhala ndi milu ya mapepala ndi wotchi yawoyawo, apatsidwe mpata ndi chilolezo cholemekeza tsamba limodzi loganiziridwa bwino kuposa masamba atatu a mankhusu.

Ndipo aphunzitsi, inu amene muli ndi ana chaka chonse, musalole kuti chipinda cha mayeso chimeze kalasi yanu. Aphunzitseni ndithu kugawa nthawi, kuyamba ndi funso lomwe akulidziwa, kulemba zooneka, pakuti mlatho umenewu ayenera kuwoloka. Koma kamodzikamodzi apatseni mutu Lolemba, akabwere nawo Lachisanu, muwabwezere, akalembenso. Mwana aone ndi maso ake kuti chimangirizo chachiwiri chimaposa choyamba, ndi kuti kusintha maganizo chifukwa cha mfundo yabwino si manyazi. Akapanda kuziona kusukulu zimenezi, adzaziona kuti?

Chotsala ndi cha ife makolo, amalume ndi azakhali. Zotsatira zikatuluka, timathamangira kuona mapointi, ndipo pasanathe ola tagawa kale ana m'magulu awiri, anzeru ndi mbuli. Amene sadakhoze amayamba kuyenda chozemba, ena amasiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti kuopa mafunso, ena amakhulupirira moyo wawo wonse kuti mutu wawo ndi wouma. Pepala lija likunena zoona, koma zoona zake n'zochepa: likuti pa tsiku lakuti, m'maola akuti, m'chiyankhulo chakuti, dzanja ili lidafika apa. Za m'mene mwanayo amaganizira akapatsidwa usiku umodzi, za kuleza kwake pomvetsera, za kulimba mtima kwake povomera kuti mnzake wanena zoona, pepalalo silidafunsidwe ndipo silidayankhe. Tiziliwerenga monga momwe lilili, ndipo mwana amene belu lidamupeza ali pakati pa chiganizo tizimufunsa kuti, kodi umafuna kunena kuti chiyani?